Kutsata banja la kholo lanu la kumudzi ku America kudzera m'kalembera ndi m'mapepala a chuma cha masiye

Mlimi amene ankakhala kumudzi ku United States m'zaka za m'ma 1800 sanasiye mapepala ambiri. Zigawo zambiri za dzikolo zinayamba kulemba mwadongosolo ana obadwa ndi anthu omwalira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, choncho chikalata cha kubadwa kwake musachiyembekezere. Nyuzipepala sizinkamulemba kawirikawiri, ndipo mwala wa pamanda pake, ngati unalipo n'komwe, mwina zilembo zake zinafufutika kale. Komabe boma linkamupeza. Linkamupeza zaka 10 zilizonse wolemba kalembera akafika pakhomo, ndipo linkamupezanso atamwalira, khoti likamaona za munda wake, ziweto zake ndi ngongole zimene anasiya.

Zolembedwa ziwirizi sizinena zofanana. Kalembera amakuuzani anthu amene ankagona m'nyumba imodzi pa tsiku linalake. Mapepala a masiye amakuuzani anthu amene lamulo linkawazindikira kuti ndi mkazi ndi ana a malemuyo, ngakhale amene anachoka pakhomo kalekale. Mukadalira kalembera yekha mudzangoganizira za ubale. Umboni wake mukaupeza kukhoti.

Yambani ndi munthu amene mukumudziwa bwino

Musathamangire kholo lakale limene mumangolimva m'nkhani za akuluakulu. Yambani ndi munthu amene dzina lake, dzina la mkazi kapena mwamuna wake, ndi kumene ankakhala mukuzidziwa popanda chikayiko, kenako muzibwerera m'mbuyo m'badwo umodziumodzi. Lamulo la dzikolo limabisa mayina a m'kalembera kwa zaka 72, kotero waposachedwa amene mungamuwerenge ndi wa 1950, yemwe anatulutsidwa pa 1 Epulo 2022. Zithunzi za masamba ake, ndi za zaka zonse zam'mbuyo zimene zinapulumuka, zilipo pa intaneti. Tsamba la pa intaneti lofufuzira mbiri ya mabanja la FamilySearch limazionetsa kwaulere mukangotsegula akaunti, lina lotchedwa Ancestry limafuna malipiro pa zambiri, ndipo mwini wake wa mabukuwa ndi National Archives, nyumba ya boma yosungira mabuku akale.

Chimene mukusaka poyamba ndi malo. Dzina la chigawo lokha, monga Ohio kapena Georgia, silikwanira. Pafupifupi chigawo chilichonse chinagawidwa m'madera otchedwa county, ku Louisiana amati parish, ndipo m'zigawo zambiri county iliyonse ili ndi khoti lake limene limasunga mapepala a masiye. Pamwamba pa tsamba la kalembera pamalembedwa county ndiponso kadera kakang'ono kamene banjalo linkakhala. Lembani zonsezo ndendende monga zilili.

Dziwaninso kuti malire ankasuntha. Anthu akamachuluka, county yaikulu inkadulidwa n'kubala zina zing'onozing'ono, moti banja limene silinasamukepo pamunda wake likhoza kupezeka m'ma county atatu pa zaka 40. Mapepala amatsala kumene analembedwera, sasamuka ndi malire. Ngakhale zigawo zenizeni zinasintha: Kentucky inachoka ku Virginia mu 1792, Maine inachoka ku Massachusetts mu 1820, West Virginia inapatuka mu 1863. Newberry Library ya ku Chicago inakonza mapu a pa intaneti osonyeza malire a county iliyonse chaka ndi chaka, ndipo ndi aulere. Ayang'aneni musanalembere kalata ofesi iliyonse.

Pezani banjalo m'kalembera aliyense, osadumpha

Tengani pepala lalikulu, kapena tsegulani tebulo pa kompyuta. Kumanzere lembani mayina a anthu a m'banjamo, pamwamba zaka za kalembera, ndipo m'kati muzilemba zaka zakubadwa zimene munthu aliyense anapatsidwa ndi kumene akuti anabadwira. Ntchito yotopetsa ndithu, koma ndi imene imaonetsa mwana amene wasowa mwadzidzidzi, mkazi amene wasintha dzina pakati pa zaka 10, ndi gogo amene wabwera kudzakhala kwa mwana wake.

Chaka chilichonse chinkafunsa mafunso akeake, ndipo ena ndi amtengo wapatali kuposa ena. Wa 1940 anaika kachizindikiro ka X mkati mwa kabwalo pafupi ndi dzina la amene anayankha mafunso, chinthu chimene zaka zam'mbuyo sizinachite. Wa 1930 anafunsa zaka zimene munthu anali nazo pokwatira kapena kukwatiwa koyamba. Wa 1900 ndi wa 1910 anafunsa mayi aliyense kuti anabala ana angati ndipo amoyo ndi angati. Manambala awiri amenewa muwasunge bwino, chifukwa ndi amene mudzawerengere nawo olandira chuma kukhoti. Mayi akati anabala 9, amoyo 6, inu n'kukhala ndi mayina 4 okha, mwadziwa kuti pali awiri amoyo amene simunawapeze. Wa 1900 analembanso mwezi ndi chaka chobadwa cha munthu aliyense, ndi zaka zimene banja lakhala lili limodzi.

Mukafika pa 1890 mupeza dzenje. Moto umene unabuka mu Januwale 1921 m'nyumba ya unduna wa zamalonda ku Washington unawononga kalembera wa chaka chimenecho, ndipo mayina amene anatsala ndi pafupifupi 6,000 okha m'dziko lonse. Zaka 20 za pakati pa 1880 ndi 1900 n'zokwanira kuti mwana abadwe, akule, akwatiwe, achoke pakhomo osaonekapo m'nyumba ya bambo ake ngakhale kamodzi. Zigawo zina zinkachita kalembera wawowawo, ndipo ameneyu amathandiza kutseka dzenjelo: New York inawerenga anthu mu 1892, Iowa ndi Kansas mu 1885 ndi 1895. Wa Iowa wa 1925 anafika pofunsa mayina a makolo a munthu aliyense, kuphatikizapo dzina la mayi asanakwatiwe.

Wa 1880 ndiye woyamba kulemba ubale wa munthu aliyense ndi mwini nyumba, kuti uyu ndi mkazi, uyu mwana, uyu mpongozi, uyu wantchito. Analembanso kumene bambo ndi mayi a munthu aliyense anabadwira. Apa pali msampha umene umakola anthu ambiri. Kalembera wa 1850, 1860 ndi 1870 amatchula ndi dzina aliyense amene sanali kapolo, koma sanena ubale. Olemba anauzidwa kuti ayambe ndi bambo ndi mayi, atsatire ana kuyambira wamkulu, ena onse pamapeto, choncho dongosolo la mayina limapereka chithunzi. Koma mnyamata wa zaka 12 wokhala ndi dzina lofanana ndi mwini nyumba akhoza kukhala mwana wa mchimwene wake amene anamwalira. Mkazi wa zaka 28 m'nyumba imene mwana wamkulu ali ndi zaka 17 si mayi wake wa mwanayo. Mukaona mpata wa zaka 6 kapena 7 pakati pa ana awiri, ganizirani za ana amene anamwalira kapena za mkazi wachiwiri, ndipo lembani funsolo pambali.

Zaka zakubadwa musazikhulupirire kwambiri. Woyankha mafunso nthawi zina ankakhala mwana kapena woyandikana nawo, wolemba ankalemba dzina monga walimvera, ndipo tsamba limene mukuona nthawi zina ndi lokopedwa pamanja kuchokera ku lina. Kusiyana kwa zaka ziwiri kapena zitatu kusakudabwitseni. Kumbukiraninso kuti zaka zinkawerengedwa pa tsiku loikika: 1 Juni kuyambira 1830 mpaka 1880 komanso mu 1900, 15 Epulo mu 1910, 1 Januwale mu 1920, ndi 1 Epulo kuyambira 1930. Dzina likakana kutuluka pofufuza pa kompyuta, siyani kulemba dzinalo, tsegulani masamba a kadera konseko n'kumawerenga nyumba ndi nyumba. Madera a kumudzi sakhala ndi masamba ambiri.

Ndipo mukalipeza banjalo, musatseke tsambalo msanga. Wolemba ankayenda pamsewu khomo ndi khomo, choncho mayina a pamwamba ndi pansi pa banja lanu ndi a oyandikana nawo. Kumudzi anthu ankakwatirana ndi a munda woyandikana, ankasainirana umboni, ankasamukira limodzi kumadzulo. Koperani mabanja a patsamba lonselo ndi a masamba awiri a m'mbali mwake. Mayina amenewo mudzakumana nawonso kukhoti.

Kwa mlimi pali mabuku ena apadera amene ambiri sawatsegula. Kuyambira 1850 mpaka 1880 kunkalembedwanso kalembera wa minda, wosonyeza maekala olimidwa ndi osalimidwa, mtengo wa munda, akavalo, ng'ombe, nkhosa, nkhumba, ndi kuchuluka kwa tirigu ndi chimanga chimene anakolola. Wa 1880 amanenanso ngati munthu anali mwini munda, wochita lendi, kapena wolima mogawana zokolola ndi mwini malo. Funso limeneli n'lofunika, chifukwa mwini munda ndi amene kawirikawiri amasiya fayilo yonenepa kukhoti. Timinda tating'ono kwambiri tinkasiyidwa: mu 1850 munda wosakolola zofika $100 pachaka sunkalembedwa.

1850 isanafike

Kuyambira 1790 mpaka 1840 kalembera ankatchula dzina la mwini nyumba yekha. Ena onse ankangowerengedwa m'magulu, amuna pawokha akazi pawokha, malinga ndi zaka. Mu 1830 ndi 1840 magulu a azungu anali a zaka zisanuzisanu mpaka 20, kenako khumikhumi. Zaka za m'mbuyo mwake magulu anali otakata kuposa pamenepo.

Ambiri amagwa ulesi akafika apa, koma manambala amenewa ali ndi ntchito. Tengani ana amene mwawapeza mu 1850, muchotse zaka 10 pa aliyense, muone ngati akulowa m'magulu a 1840. Otsala opanda mayina, mwachitsanzo atsikana awiri a pakati pa zaka 10 ndi 15, ndi amene anakwatiwa kapena kumwalira 1850 isanafike. Mayina awo kalembera sadzakupatsani. Mukawafunse ku mapepala a masiye.

Panikizani nthawi imene anamwalira

Kuti mupeze fayilo ya kukhoti mufunika kudziwa, ngakhale mongoyerekeza, nthawi ya imfa. Tebulo lanu lija likuuzani kale zambiri: mwamuna alipo mu 1860, koma mu 1870 mwini nyumba ndi mkazi wake. Zaka 10 zimenezo mukhoza kuzichepetsa. Ngati pali mwana womaliza wa zaka 6 mu 1870, bambo anali moyo cha m'ma 1863. Mabuku a msonkho a county, amene ankalembedwa chaka ndi chaka, amasiya kutchula munthuyo n'kuyamba kutchula chuma chake kapena olowa m'malo ake. Palinso mndandanda wa omwalira umene unkalembedwa limodzi ndi kalembera kuyambira 1850 mpaka 1880, koma umangotenga amene anamwalira m'miyezi 12 yofika pa 1 Juni ya chaka cha kalembera. Kupezamo wanu ndi mwayi chabe, komabe kuyang'anamo sikutenga nthawi.

Kupeza khoti ndi fayilo

Khoti loona za masiye lili ndi mayina osiyanasiyana, ndipo muyenera kulidziwa dzina lake m'chigawo chanu. Ku New York ndi Surrogate's Court. Ku Pennsylvania ndi ku Maryland mupeza Register of Wills ndi Orphans' Court. Ku Georgia mabuku akale amati Court of Ordinary. Ku Connecticut ndi ku Vermont nkhanizi zinkayendetsedwa m'madera apadera a masiye, amene malire ake sankatsatira county nthawi zonse. Nkhani inkatsegulidwa kumene munthu ankakhala pomwalira, koma ngati anali ndi munda ku county ina, kumenekonso kukhoza kupezeka mapepala.

Pa FamilySearch musamangolemba dzina m'bokosi lofufuzira. Lowani m'kaundula wa mabuku, lembani dzina la county, musankhe za masiye. Mabuku ambiri anajambulidwa koma mayina ake sanalowetsedwe m'kompyuta, ndiye muyenera kutsegula buku la mndandanda wa mayina la khotilo, mupeze nambala ya buku ndi tsamba, kenako mupite ku bukulo. Kuyambira 2024 aliponso makina owerenga zolemba pamanja amene amasaka dzina m'kati mwa masamba, ndipo amathandiza kwambiri kupeza munthu amene anangotchulidwa m'fayilo ya wina. Amaphonya zilembo zopotoka, choncho akanena kuti palibe, musatseke nkhani.

Chinthu chimodzi ndikufuna muchigwire ndi manja awiri. Mapepala a masiye ali mitundu iwiri. Pali mabuku akuluakulu amene kalaliki wa khoti ankakoperamo wilo, mndandanda wa katundu ndi zigamulo. Ndiye pali mapepala enieniwo, opindidwa m'envulopu kapena omangidwa ndi kachingwe, amene Achingerezi amawatcha probate packet kapena estate file. Kalaliki sankakopera zonse. Malisiti, makalata ochokera kwa ana amene anasamukira kutali, bilu ya dokotala ndi ya bokosi la maliro, zonsezi zimatsala m'envulopu. Ngati mwapeza za m'buku zokha, lemberani khotilo kapena nyumba yosungira mabuku akale ya chigawocho, mutchule dzina, chaka ndi nambala ya fayilo, mupemphe tsamba lililonse, kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Afunseni kaye mtengo wokopera.

Kuwerenga zimene mwapeza

Ngati pali wilo, ili ndi masiku awiri: limene inalembedwa ndi limene inatsimikizidwa kukhoti. Imfa ili pakati pa awiriwa, kawirikawiri pafupi ndi lachiwirilo. Ikopereni yonse mawu ndi mawu, osafupikitsa. Koma musaiyese mndandanda wa ana onse. Bambo ankatha kusiya osamutchula mwana amene anamupatsa kale munda pokwatira, kapena kumusiyira dola imodzi yokha, osati chifukwa cha chidani koma chifukwa gawo lake analandira kale. M'madera ena akumwera, dziko lisanalandire ufulu, lamulo linkapereka munda kwa mwana woyamba wamwamuna ngati wilo sinanene zina, moti dzina lake likhoza kusowa. Mkazi wotchulidwa m'wilo ndi amene analipo pa nthawiyo, sizitanthauza kuti ndi mayi wa ana onse. Ana aamuna nthawi zambiri amatchulidwa pawokha, aakazi pawokha, choncho dongosolo lake silikuuzani amene anabadwa motsatana.

Anthu ambiri akamva kuti kholo lawo silinasiye wilo amakhumudwa. Ine ndimaona kuti pamenepo m'pamene pali phindu. Munthu akalemba wilo amatchula amene wafuna. Akafa osalemba, lamulo ndilo limagawa, ndipo khoti silingagawe lisanadziwe olandira onse. Makamaka pamene munda unayenera kugulitsidwa kapena kudulidwa, pamapezeka pempho lolembedwa kukhoti lotchula mkazi wamasiye, ana onse amoyo, amuna a ana aakazi, adzukulu amene akulowa m'malo mwa kholo lawo lomwalira, nthawi zina ndi kumene aliyense akukhala. Pepala limodzi limenelo likhoza kumasula mafunso amene kalembera wa zaka 40 analephera.

Woyang'anira chumacho ankasankhidwa ndi khoti, ndipo mwayi woyamba unkapita kwa mkazi wamasiye kapena wachibale wapafupi. Ngati mkaziyo anakana, pamakhala kapepala kake kokanira, nthawi zina kotchula amene akufuna alowe m'malo mwake, monga mwana wake kapena mchimwene wake. Woyang'anirayo ankapereka chikole, ndipo anthu amene ankasainira chikolecho ankaika chuma chawo pachiswe. Munthu sachitira zimenezo mlendo. Yang'anani mayina awo pamndandanda wa oyandikana nawo uja. Anthu owerengera mtengo wa katundu, mosiyana ndi osainira chikole, ankayenera kukhala opanda gawo pa chumacho, choncho amenewo kawirikawiri ndi oyandikana nawo chabe.

Mndandanda wa katundu umakulowetsani m'nyumba ndi m'khola: mabedi angati, mapulawo, ngolo, miphika, Baibulo, zida za usipala kapena zopalira matabwa, ndi mayina a anthu amene anali ndi ngongole kwa malemuyo. Koma pa nkhani ya ubale, pepala la malonda limaposa. Katundu akagulitsidwa poyera, kalaliki ankalemba chinthu, wogula ndi mtengo. Mkazi wamasiye amaombola bedi ndi ziwiya zophikira, ana aamuna amagula akavalo ndi zida, ndipo pamakhala mwamuna wa dzina lina amene wagula zinthu zambiri za m'nyumba. Ameneyo mumulembe. Kawirikawiri ndi mkamwini.

Mkazi wamasiye, m'zigawo zotsatira lamulo lochokera ku England, anali ndi ufulu wogwiritsa ntchito gawo limodzi mwa magawo atatu a munda wa mwamuna wake kwa moyo wake wonse. M'mapepala ufulu umenewu umatchedwa dower. Gawo limenelo silinkagawidwa mpaka iye atamwalira, ndiye patatha zaka 15 kapena 20 mukhoza kupeza mapepala ena ogulitsa mundawo, osainidwa ndi ana onse kapena adzukulu. Ngati anakwatiwanso, dzina la mwamuna watsopano limatulukira m'mapepala omwewa. Akazi okwatiwa sankasiya wilo kawirikawiri malamulo owapatsa ufulu pa chuma asanabwere. Mississippi inayamba mu 1839, New York mu 1848. Koma akazi amasiye ndi osakwatiwa ankasiya, ndipo ma wilo awo amatchula achibale mwatsatanetsatane.

Ngati panali ana aang'ono, fufuzani mabuku a olera ana, amene nthawi zambiri amasungidwa padera. Mawu awiri a m'mapepalawa amasokoneza. Khoti likati infant likunena munthu amene sanakwane zaka 21, ngakhale ali ndi ndevu. Likati orphan nthawi zambiri likunena mwana amene bambo ake anamwalira, mayi ali moyo. Mwana wa zaka 14 kupita m'tsogolo ankaloledwa kusankha yekha womuyang'anira, wocheperapo ankasankhiridwa, ndipo kusiyana kumeneku kumakupatsani malire a chaka chobadwa. Tsiku limene womuyang'anira anapereka chuma kwa mwiniwake limasonyeza kuti mwanayo wakula kapena wakwatiwa. Samalaninso ndi Senior ndi Junior m'mapepala akale: nthawi zina ankangosiyanitsa wamkulu ndi wamng'ono pa anthu awiri a dzina limodzi m'dera, popanda ubale wa bambo ndi mwana.

Pepala lomaliza, la kagawidwe, muliwerenge ndi masamu. Ngati anthu asanu alandira gawo limodzi mwa magawo 6 aliyense, ndipo atatu agawana gawo lotsalalo, ndiye kuti ana anali 6, mmodzi anamwalira n'kusiya ana atatu. Khoti silinafunikire kulemba ubalewo m'mawu, manambala anena okha.

Kulumikiza ziwirizi

Tiyerekeze kuti mu 1840 nyumba ya mlimi wanu ili ndi anyamata atatu ndi atsikana anayi. Mu 1850 mwapeza mayina a anyamata atatuwo ndi atsikana awiri okha. Mlimiyo akumwalira 1860 isanafike, wopanda wilo, ndipo pempho logulitsa munda likutchula olandira 8 pa magawo 7: amuna atatu, akazi atatu okhala ndi mayina a amuna awo, ndi ana awiri aang'ono a dzina lachilendo amene akugawana gawo limodzi. Tsopano bwererani ku kalembera wa 1850 ndi mayina atsopanowo. Mkamwini mmodzi mumupeza nyumba ziwiri kuchokera pa mlimi uja, mkazi wake ali ndi zaka zolowa bwino m'gulu la atsikana a 1840. Ana awiri aang'ono aja muwapeza m'nyumba ya bambo awo, amene tsopano ali ndi mkazi wina. Kenako tsimikizani ndi buku la maukwati la county. Ulendo wake ndi wotero, kuchoka ku kalembera kupita kukhoti n'kubwereranso, kangapo konse. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ziwirizi zikatsutsana, musasankhe imene yakusangalatsani. Funsani kuti ananena ndani, anali ndi chifukwa chanji chonenera zoona, ndipo panali patapita nthawi yaitali bwanji. Pa nkhani ya ubale, pepala limene munthu analumbirira kukhoti pamene ndalama zinali kugawidwa, abale ena akuyang'anitsitsa, limalemera kuposa yankho loperekedwa pakhomo kwa mlendo wodutsa. Pa chilichonse chimene mwalemba, onjezani kumene mwachitenga: county, dzina la buku, nambala yake ndi tsamba.

Ngati kholo lanu linali mu ukapolo

Kwa mbadwa za anthu amene anali akapolo njira ndi yomweyi, koma imakhota pa 1870. Ameneyu ndi kalembera woyamba kutchula mayina a anthu amene anamasulidwa nkhondo yapachiweniweni itatha mu 1865. Mu 1850 ndi 1860 akapolo ankalembedwa pa mndandanda wapadera, pansi pa dzina la amene ankawasunga, ndi zaka, khungu, ndi kuti ndi mwamuna kapena mkazi, pafupifupi onse opanda dzina. Choncho fayilo ya masiye imene mukufuna si ya kholo lanu koma ya amene ankalisunga. Lamulo la nthawiyo linkawerengera anthu ngati katundu, ndipo m'mndandanda wa katundu amatchulidwa ndi dzina loyamba ndi mtengo, nthawi zina mayi pamodzi ndi ana ake. Ndi masamba owawa kuwerenga, koma nthawi zambiri ndi okhawo amene anasunga mayinawo. Yambani ndi eni minda ikuluikulu amene ali pafupi ndi banja lanu mu 1870. Musaganize kuti dzina limene banjalo linatenga ndi la wowasunga womaliza, chifukwa ena anatenga la wakale, ena anasankha lawolawo. Mapepala a kagawidwe amasonyeza kuti ndani anapita kwa mwana uti wa malemuyo, ndipo potsata mwanayo mumatsata wanu. Mabuku a Freedmen's Bureau, bungwe limene boma linakhazikitsa mu 1865, amathandiza kulumikiza mbali ziwirizi.

Fayilo ikasowa

Si aliyense anasiya fayilo. Wochita lendi wopanda ngongole zazikulu ankatha kufa banja n'kugawana zochepazo palokha. Wina ankagawiratu munda ali moyo, ndipo zikatero muyang'ane m'mabuku a malo: chikalata chopereka munda pa dola imodzi, kapena chonena kuti akupereka chifukwa cha chikondi, kawirikawiri chimapita kwa mwana kapena mkamwini. Makhoti ena anapsa. Ma county angapo a ku Virginia anatumiza mabuku awo ku Richmond kuti akasungike pa nthawi ya nkhondo, ndipo anapsera komweko mu Epulo 1865. Ngakhale zitatero, funsani kuti anapsa ndi ati, chifukwa moto sunkatha zonse nthawi zonse, ndipo anthu ankabweretsanso zikalata zawo za malo kuti zilembedwenso. Nyuzipepala ya m'deralo inkasindikiza zidziwitso za khoti zoitana okongoza ndi olandira chuma, makamaka amene anali kunja kwa chigawo. Abale akakangana, mlandu unkapita kukhoti lina, ndipo mapepala a milandu yotere amafotokoza banja lonse. Library of Virginia inaika yambiri pa intaneti m'kaundula wake wa milandu ya chancery.

Njira ina imene imabala zipatso ndi kusiya kaye kholo lanu n'kutsata abale ake. Fufuzani mchimwene kapena mchemwali wake amene anamwalira wopanda mwana koma ali ndi munda. Chuma cha munthu wotero chinkapita kwa abale ake, ndipo amene anali atamwalira kale ankalowedwa m'malo ndi ana awo, moti khoti linkayenera kulemba mibadwo iwiri kapena itatu ya banja lonse, kulikonse kumene linabalalikira. M'tebulo lanu lija, yang'anani wachikulire wosakwatira amene akukhala yekha kapena kwa mlongo wake, mupeze county imene anamwalirira, muitanitse envulopu yake yonse.